Mlendo wa Malaya Oyera pa Cisumbu ca Shikoku

Nkhani ya lero icokera kutali, ku dziko la Japan, kum'mawa kwa dziko la China. Dziko limeneli liri pakati pa nyanja yamcere, ndipo lapangidwa ndi zisumbu zambirimbiri. Koma zikuluzikulu ziripo 4, ndizo Honshu, Hokkaido, Kyushu ndi Shikoku. Cocepa mwa zimenezi ndico Shikoku. Ndi cisumbu ca mapiri ndi nkhalango, ndipo midzi ndi mizinda yace yambiri iri m'mbali mwa nyanja, kumene kuli malo acidikha olimapo mpunga. Pa cisumbu cimeneci pali akacisi 88 a cipembedzo ca Buddha, amene awerengedwa ndi manambala kuyambira woyamba kufikira wotsiriza, ndipo pali njira imodzi yaitali yolumikiza onsewo, imene izungulira cisumbu conse monga mkanda m'khosi.

Utali wa njirayi ndi makilomita ngati 1,200, ndiko kunena ngati kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata ndi kubwereranso. Munthu wamphamvu woyenda pansi amatha masiku 40 kapena 50 asanaitsirize. Cikhalireco, kwa zaka zoposa 300 anthu wamba akhala akuyendamo caka ndi caka: alimi, asodzi, akazi amasiye, odwala, ndi osauka ena amene analibe ngakhale kobiri m'thumba. Omvera amene anacoka ku mudzi kudzafuna nchito ku migodi adziwa bwino lomwe kuti ulendo wautali ufuna kamba, ndi kuti usiku ufuna denga. Tsono angafunse kuti, kodi munthu wopanda wacibale m'dzikomo, wopandanso ndalama, amadya ciani ndi kugona kuti masiku onsewo? Yankho lace lidzaoneka potsata mlendo wotere kufikira pa kacisi wa nambala 75, wochedwa Zentsuji.

Munthu amene alendo amtsata

Buddha anali mphunzitsi amene anakhala kumpoto kwa India zaka ngati 2,500 zapitazo. Anaphunzitsa kuti masautso a munthu acokera ku kukhumba kosatha, ndi kuti munthu ayenera kuletsa mtima wace ndi kucitira cifundo zamoyo zonse. Ciphunzitso cace cinafika ku Japan kudzera ku China ndi ku Korea m'zaka za m'ma 500. Koma alendo a pa Shikoku, amene m'cinenero ca kumeneko achedwa ohenro, amatsata makamaka mapazi a mwana wa pa cisumbu pomwepo, wansembe dzina lace Kukai.

Kukai anabadwa mu 774 m'cigawo ca Sanuki, kumpoto kwa cisumbuci, m'banja la a Saeki, amene anali akuluakulu a dzikolo. Popeza anali mwana wanzeru, anamtumiza ku likulu la dziko kuti akaphunzire nchito za boma. Koma mtima wace sunakhazikike pa zimenezo. Anasiya sukulu, nayamba kuyendayenda m'mapiri ndi m'mapanga, kusala cakudya ndi kusinkhasinkha. Iye mwini analemba kuti anakacita zimenezi pa phiri la Tairyu ndi ku Muroto, kumene nsonga ya mtunda ilowa m'nyanja. Dzina lakuti Kukai litanthauza thambo ndi nyanja, ndipo anthu amati analitenga cifukwa ali m'phanga la ku Muroto sanali kuona kanthu kena koma ziwiri zomwezi.

Mu 804 anakwera combo kunka ku China kukafuna maphunziro ozama. Zombo zinanyamuka 4, koma zimene zinafika tsidya ndi 2 zokha. Ku mzinda wa Chang'an anapeza mphunzitsi wamkulu, dzina lace Huiguo, amene anamphunzitsa zonse zimene anazidziwa, namwalira patapita miyezi yowerengeka. Kukai anabwerera kwao mu 806 atasenza mabuku ambiri, nayambitsa mpingo wa Shingon, umene ulipo kufikira lero. Mu 816 mfumu inampatsa phiri la Koya, pa cisumbu ca Honshu, kuti amangepo malo a ansembe, ndipo kumeneko ndiko anatsirizira moyo wace mu 835. Mu 921 mfumu ina inamcitira ulemu pomucha Kobo Daishi, ndilo dzina limene anthu amamchula nalo masiku ano.

Alimi a ku Sanuki amamkumbukira pa cinthu cinanso. Dziko lao ndi la mvula yocepa ndi mitsinje yaifupi, ndipo mpunga sungace popanda madamu. Damu lalikulu la Manno linagumuka ndi madzi osefukira, ndipo akapitao a boma analephera kulikonza cifukwa anchito anali kucepa. Mu 821 anatumizako Kukai. Anthu atamva kuti mwana wa kwao wabwera, anakhamukira ku nchitoyo, ndipo inatha m'miyezi yowerengeka. Damulo, limene lakonzedwanso kangapo, likuthirirabe minda kufikira lero, ndipo siliri kutali ndi Zentsuji. Cifukwa cace anthu wamba amamuona Daishi monga mnansi wao wodziwa ludzu la munda. Ambiri amakhulupirira kuti sanafe konse, koma kuti ali ciyendere m'njira za pa Shikoku atabvala ngati wopemphapempha.

Mwambo umati Kukai ndiye anakhazika akacisi onse 88. Olemba mbiri amati njirayi inakula pang'onopang'ono iye atamwalira kale. Poyamba anali kuyendamo ansembe ofuna kudzisautsa m'malo obvuta. Mu 1687 wansembe wina, dzina lace Shinnen, amene anazungulira cisumbuci koposa ka 20, anasindikiza buku losonyeza akacisi mwa manambala ao, mitunda yace, ndi nyumba zimene zikhoza kulandira mlendo. Kuyambira pamenepo anthu wamba anayamba kubwera ambiri, amuna ndi akazi omwe, ngakhale kuti pa phiri la Koya akazi anali oletsedwa kufikira mu 1872.

Zobvala za ulendo

Mlendo wa m'njirayi adziwika ali patali cifukwa ca zobvala zace. Amabvala malaya oyera ndi cisoti cacikulu colukidwa ndi udzu, conga licero lobvundikira, ndipo pa phewa amapacika kathumba mmene muli makandulo, lubani ndi buku. M'dzanja amagwira ndodo. Pa cisoti ndi pa ndodo pamalembedwa mau akuti dogyo ninin, ndiko kunena kuti awiri pa ulendo umodzi, pakuti ngakhale munthu ayende yekha, amayesedwa kuti ali ndi Daishi pambali pace. Ndodoyo ndiyo iimira Daishi, motero amaisamala monga munthu. Akafika pogona madzulo, asanasambe iye mwini amayamba watsuka nsonga ya ndodo, monga mwana atsuka mapazi a atate wace, naiimika pa malo aulemu m'cipinda. Pooloka ulalo amainyamula m'mwamba osaigogoda pansi, cifukwa pali mbiri yakuti tsiku lina Daishi anasowa womlandira pafupi ndi Ozu, nagona kunsi kwa ulalo, ndipo sikuyenera kumdzutsa.

Malaya oyerawo ali ndi tanthauzo lolemera. Ku Japan nsalu yoyera ndiyo imene amabveka nayo womwalira. Pamwamba pa ndodo napo pamasemedwa monga cizindikiro ca pa manda, kuti mwini wace akagwa m'njira anthu angoizika pa mtumbira wace. Masiku akale munthu wamba sanali kuloledwa kuyenda ulendo wotere wopanda citupa. Citupaco cinali kulembedwa ndi wansembe wa kwao kapena mkulu wa mudzi. Cinali kunena dzina la munthu ndi mudzi wace, ndi kupempha kuti dzuwa likamlowera m'njira ampatse pogona. Zitupa zambiri zinali kunenanso kuti akadwala namwalira, amuike monga mwa mwambo wa kumaloko, osabvutika ndi kutumiza uthenga kwao. Kufikira lero m'mbali mwa njira muli timiyala ta manda a alendo otere. Ali yense amene anaikako mnzace wa pa nchito kutali ndi manda a makolo ace adziwa kulemera kwa mau a pa citupaco.

Pofika pa Zentsuji

Pamene mlendo afika ku Zentsuji amakhala ataponda kale m'zigawo zonse 4 za cisumbu. Anayambira ku Awa, kumene kuli akacisi 23 oyamba. Anapyola ku Tosa, kumene akacisi ali 16 okha koma otalikirana, kotero kuti pakati pa wa 37 ndi wa 38 pali makilomita oposa 80. Anadutsa ku Iyo, kwa akacisi 26, nakwera kufikira pa kacisi wa Unpenji, mamita ngati 900 pamwamba pa nyanja, natsikira m'cidikha ca Sanuki, kwao kwa Daishi. Masiku ano zigawozi zichedwa Tokushima, Kochi, Ehime ndi Kagawa. Malaya aja ada ndi thukuta, mapazi ali ndi matuza, ndipo ndodo yafupika ndi miyala ya m'njira. Coyamba cimene aona pamwamba pa madenga a mzinda ndi nsanja yamatabwa ya madenga 5 osanjikizana, yotalika mamita 43. Nsanja imene ilipo tsopano inatsirizidwa mu 1902, popeza zakale zinaonongeka ndi mphepo ndi moto.

Mbiri ya pa kacisipo imati Kukai anayamba kumanga mu 807, atabwera kucokera ku China, pa malo amene atate wace anapereka, ndipo dzina lakuti Zentsuji linatengedwa ku dzina la atate wacewo. Mzinda umene unamera pozungulira nao uchedwa ndi dzina lomwelo. Bwalo la kacisi lagawidwa pawiri. Mbali ya kum'mawa ndiyo iri ndi nsanja ija ndi nyumba yaikulu yopemphereramo. Mbali ya kumadzulo ndiyo pamene amati panali nyumba ya a Saeki, mmene Kukai anabadwira. Mu 1558 moto wa nkhondo unapsereza nyumba za pamalopo, ndipo nyumba yaikulu imene ilipo lero inamangidwa mu 1699. M'katimo mwakhala cifanizo ca Yakushi, Buddha wa mankhwala, cotalika mamita ngati 3, cimene odwala amadza kudzapempherako. Pabwalo pali mitengo iwiri ikuluikulu ya mtundu wochedwa kusunoki, imene amati yapitirira zaka 1,000, ndipo okalamba amasimba kuti Kukai anasewera patsinde pace ali mwana.

Zocita za mlendo pa kacisi ziri ndi dongosolo lace, ndipo ndi limodzimodzi pa akacisi onse 88. Pa cipata amaima nawerama. Pafupi pomwepo pali mwala wosemedwa wodzala madzi. Amatunga ndi cikho, nasamba m'manja ndi kutsuka m'kamwa. Kumene kuli kololedwa amaliza belu kamodzi, kudziwitsa kuti wafika. Koma kuliza belu pocoka kuyesedwa tsoka. Atatero amanka ku nyumba yaikulu, nayatsa kandulo imodzi ndi timitengo 3 ta lubani. Sayatsira pa kandulo ya mnzace, pakuti amati wotero amatenga ndi zolakwa za mwini kanduloyo. Amaponya kandalama m'bokosi, naikanso m'bokosi lina kapepala kolembapo dzina lace, kwao, tsiku, ndi cimene mtima wace ufuna. Kenaka amaima pambali kuti asachinge anzace, nanena mapemphero ace. Zonsezi amakazicitanso kaciwiri ku nyumba ya Daishi.

Timapepala ta maina timeneti tichedwa osamefuda, ndipo maonekedwe ace asonyeza maulendo amene munthu wazungulira. Woyamba kumene amakhala ndi koyera. Amene wafika maulendo 50 amakhala ndi ka golidi. Amene wafika 100 amakhala ndi ka nsalu yopetedwa. Anthu otere alipodi. Nakatsukasa Mohei, amene anabadwa mu 1845 namwalira mu 1922, anazungulira cisumbuci pansi maulendo 280, naimika miyala yoposa 200 yolozera njira, ndipo yambiri iri ciimire. Potsiriza mlendo amanka ku ofesi ya kacisi ndi buku lace. Kumeneko mlembi amalembamo ndi inki yakuda dzina la kacisi ndi la Buddha wa pamalopo, nadindapo zidindo 3 zofiira. Kuyambira mu 2024 mtengo wace ndi mayeni 500. Buku lodzala ndi zidindo 88 ndi cuma ca banja, ndipo ena amaikidwa nalo m'bokosi la maliro.

Njira ya mumdima

Pa Zentsuji pali cinthu cina cimene anthu a ku migodi angacimvetse msanga. Kunsi kwa nyumba ya Daishi, imene inamangidwa mu 1831, kuli njira yopapatiza ya pansi, yotalika mamita ngati 100, mmene mulibe nyale. Mlendo amatsika pa makwerero, ndipo akangokhota kamodzi kuwala konse kumatha, kotero kuti sangaone ngakhale dzanja lace. Amamlangiza kuti aike dzanja lamanzere pa khoma, ayende pang'onopang'ono osalicotsapo, akuchula dzina la Daishi. Pa makomawo panajambulidwa zithunzi zopatulika ndi maluwa, koma woyendamo sazipenya, amangozikhudza. M'njiramo muli kamalo kamodzi kowala pang'ono, pamene pali cifanizo ca Buddha wochedwa Dainichi, ndipo amati pamwamba pa malo amenewo ndipo Kukai anabadwira.

Ansembe amati mumdimamo munthu akumbukire zolakwa zace, kuti potulukira ku dzuwa akhale ngati wabadwanso. Munthu wa pansi pa mgodi adziwa kuti nyale ikazima, mphamvu ndi ukulu sizithandiza kanthu. Comthandiza ndico khoma limene ena anasema iye asanafike, ndi mau a mnzace amene ali patsogolo. Mlendo wa pa Shikoku aphunzira comweco m'njira yonse, pakuti tsiku ndi tsiku moyo wace uli m'manja mwa anthu amene sanawaonepo ndi kale lonse.

Mphatso imene siikanidwa

Apa ndipo pali yankho la funso lija la cakudya ndi pogona. Pa Shikoku pali mwambo wochedwa osettai, ndiwo mwambo wopatsa mlendo. Munthu wa malaya oyera akamapita m'mudzi, amai okalamba amaturuka m'nyumba namuitana, nampatsa malalanje, kapena tiyi, kapena mpunga wophika woumbidwa ngati mbamu ya nsima. Mlimi amasiya khasu kuti amlozere njira. Wina amamuika kandalama m'dzanja. Masiku akale ena anali kumeta alendo, kuwalukira nkhwaira za udzu, ndi kuwalandira m'nyumba zao kwaulere. Ndipo kufikira lero alipo amene amasunga kacipinda kogonamo alendo osalipira. Ngakhale kutsidya la nyanja, ku Wakayama, kuli magulu a anthu amene kwa mibadwo yambiri akhala akusonkha malalanje ndi zina, naoloka nazo m'nyengo ya maluwa kudzagawira alendo pa zipata za akacisi.

Mwambowu uli ndi malamulo ace. Mlendo sayenera kukana mphatso, ingakhale yocepa cotani, ndiponso angakhale iye ali wolemera kuposa wopatsayo, pakuti kukana ndiko kumana mnzace mwai wocita cabwino. Akalandira amagwira manja pamodzi, nachula dzina la Daishi, napereka kamodzi ka timapepala tace ta maina. Mabanja ena anali kusunga timapepalati m'mitolo ya udzu yopacika ku denga, pokhulupirira kuti ticinjiriza nyumba ku moto. Wopatsa naye safunsa cimene catulutsa mlendo kwao. Ena amapatsa pokumbukira wacibale wao womwalira. Ena amapatsa cifukwa miyendo yao yatha kapena munda suwalola kucoka, ndipo kandalamako ndiko phazi lao m'njira. Koma onse amadziwa kuti mlendo ali yense akhoza kukhala Daishi mwini wace.

Pali nthano imene mwana ali yense wa pa cisumbuci aidziwa. Ku Iyo kunali munthu wacuma koma waumbombo, dzina lace Emon Saburo. Wansembe wopemphapempha anaima pakhomo pace masiku 8 otsatizana, ndipo tsiku lotsiriza Saburo anakwiya, namenya mbale ya wansembeyo, niisweka zidutswa 8. Pambuyo pace ana ace 8 anamwalira mmodzimmodzi. Pamenepo anazindikira kuti wopemphayo anali Daishi. Anagawa cuma cace, nanyamuka kukamfuna kuti apepese. Anazungulira cisumbu maulendo 20 osampeza. Tsono anaganiza zoyenda mobwerera, kuti akomane naye maso ndi maso, ndipo anagwa ndi kutopa pa phiri pafupi ndi kacisi wa 12. Ali pafupi kufa, Daishi anaonekera namkhululukira, namfumbatitsa kamwala. Patapita nthawi, m'banja la mfumu ya ku Iyo munabadwa mwana wofumbata dzanja, ndipo atalifumbatula anapezamo kamwala komweko. Kacisi wa 51, ku Matsuyama, achedwa Ishiteji, ndiko kunena kacisi wa mwala m'dzanja. Iyi ndi nthano, koma yaphunzitsa mibadwo yambiri kuopa kutsekera mlendo citseko.

Iwo amene analibe kobwerera

Sikuti onse oyenda m'njirayi anali ndi mudzi wowayembekezera. Ambiri anali anthu opirikitsidwa ndi njala, ngongole kapena matenda. Makamaka odwala khate anali kutulutsidwa m'midzi ndi abale ao enieni, napatsidwa citupa cija ndi kamba pang'ono, nauzidwa kuti apite ku Shikoku. Iwowa anali kuzungulira cisumbu kosaleka kufikira imfa, ndipo kawirikawiri anali kudzera m'tinjira ta m'mapiri kuti asakomane ndi anthu. Cimene cinawasunga ndi moyo ndi mpunga wa osettai. Koma sanali kulandiridwa pali ponse. Akulu a cigawo ca Tosa anaika malamulo owerengera alendo masiku ndi kuwaletsa kupatuka m'njira, ndipo m'zaka zotsatira 1868 apolisi anali kugwira alendo opemphapempha monga anthu osokonezera.

Mu 1907 boma la Japan linapanga lamulo lotsekera odwala khate oyendayenda, ndipo mu 1909 linatsegula malo ao pa kacisumbu ka Oshima, pafupi ndi mzinda wa Takamatsu, m'cigawo comweco ca Zentsuji. Malamulo opatula odwalawo anakhalapobe ngakhale mankhwala ociritsa khate atapezeka, ndipo anathetsedwa mu 1996. Motero mbiri ya njirayi iri ndi cifundo ndi nkhanza zomwe. Cokumbukira ncakuti pamene abale anatseka citseko, ndi pamene boma linaika malamulo, panatsala amai wina wa m'mudzi wacilendo amene anatulutsa mbale ya mpunga. Akale anati, caona mnzako capita, mawa ciona iwe.

Njirayi masiku ano

Zinthu zasintha ndithu. Mu 1953 basi yoyamba yonyamula alendo inazungulira akacisi onse, ndipo lero ambiri amayenda pa basi kapena pa galimoto, natsiriza m'masiku ngati 10 kapena 12. Mu 1988 unatsegulidwa ulalo waukulu wa Seto, wodutsapo sitima ndi magalimoto, umene ulumikiza Shikoku ndi Honshu, kotero kuti munthu akhoza kufika ku Zentsuji pa sitima ya pamtunda. Koma oyenda pansi sanathe. Alipo okalamba amene angopuma pa nchito, ofedwa, anyamata amene asowa poyambira moyo, ndi alendo ocokera ku maiko a kutali amene sali a cipembedzo ca Buddha konse. Onsewa amalandira mphatso zomwezo.

Coopsya ca masiku ano ndico kucepa kwa anthu opatsa. Pakati pa kacisi wa 64 ndi wa 65 njira idutsa ku Niihama, kunsi kwa mapiri a Besshi, kumene kunali mgodi waukulu wa mkuwa wa a Sumitomo. Mgodiwo unatsegulidwa mu 1691, nutulutsa matani ngati 650,000 a mkuwa, nutsekedwa mu 1973. Pa mapiripo panali midzi ya anchito zikwizikwi, ndi masukulu ndi masitolo. Lero pamera nkhalango. Midzi ya alimi ndi asodzi nayo ikutsata njira yomweyo, pakuti anyamata ndi atsikana amanka ku Osaka ndi ku Tokyo kukafuna nchito, ndipo ambiri amachona. Mu 1985 anthu a pa Shikoku anali oposa 4,200,000. Pofika mu 2020 anatsika kufika pa 3,700,000. Nyumba zambiri zogona alendo zatsekedwa cifukwa eni ace akalamba ndipo palibe wolowa m'malo. Akacisi adzakhalapo, pakuti ndi a mitengo ndi miyala, ndipo akapsa amamangidwanso. Koma mwambo wa osettai ukhala m'manja mwa anthu amoyo, ndipo mudzi ukatha anthu umatha nao. Cifukwa cace magulu a anthu odzipereka ayamba kumanga timisasa topumulirapo m'mbali mwa njira, kulambula tinjira ta m'mapiri, ndi kuphunzitsa ana a sukulu kupatsa moni ndi mphatso kwa alendo.

Kucokera pa Zentsuji mlendo amatsala ndi akacisi 13. Wotsiriza, wa 88, ndi Okuboji, amene ali m'mapiri, ndipo kumeneko ambiri amasiya ndodo zao, popeza Daishi wawafikitsa. Ena amabwerera ku kacisi woyamba, Ryozenji, kuti mkanda uja ulumikizike, kenaka amaoloka nyanja kunka ku phiri la Koya kukathokoza. Akafika kwao ndi kufunsidwa za ulendo, cimene ambiri amayamba kusimba ndi lalanje limene analandira pa tsiku la mvula kwa munthu amene dzina lace sanalidziwe; za nsanja ndi zifanizo zimadza pambuyo.

M'makomboni a ku migodi ndi m'mizinda namonso mumafika anthu acilendo tsiku ndi tsiku, ena ofuna nchito, ena ofuna wacibale amene anasamuka kale, ena odzaika maliro. Iwowa sabvala malaya oyera kapena cisoti ca udzu cowadziwitsa, koma njala yao ndi yomweyo. Makolo anasiya mau akuti mlendo ndi mame, ndi akutinso kupatsa nkuika. Anthu a pa Shikoku asunga nzeru yomweyi kwa zaka mazanamazana, ndipo ndiyo imene yacititsa kuti wosauka wopanda wacibale ayende makilomita 1,200 ndi ndodo yokha m'dzanja, nakafika.